Mpando womvera madandaulo ku Mzuzu

Munthu akachotsedwa ntchito ku Mzuzu lero, kaya anali mlonda pa kampani ina ku Luwinga, kaya wothyola tiyi m'minda ya ku Nkhata Bay, anzake amamulangiza kuti apite kuleba. Ku ofesi ya leba zikakanika pali khomo lina, khoti loona milandu ya anthu apantchito, limene m'malamulo limatchedwa Industrial Relations Court. Kumeneko kumakhala munthu amene ntchito yake ndi kumva mbali zonse ziwiri, ya wolembedwa ndi ya bwana wake, kenako n'kugamula. Achinyamata ambiri amayesa kuti mpando umenewu unalipo chikhalire, chonsecho ndi wa dzulodzuloli. Nkhani ya anthu amene akhala akuikidwa pa mipando yomvera madandaulo kuno kumpoto ndi yakale kuposa mzinda wa Mzuzu womwe, ndipo kuti tiimvetse tiyenera kubwerera pa nthawi imene pamalo pano panali nkhalango ndi chifunga basi.

Azungu asanafike, mlandu unkakambidwa pabwalo, kapena pamphala monga amanenera Atumbuka. Mfumu sinkakhala yokha. Pambali pake pankakhala nduna ndi akuluakulu a m'mudzi, anthu odziwa malire a munda uliwonse ndi chibale cha banja lililonse. Wodandaula ankayankhula m'chinenero chake mpaka mawu kumuthera, woimbidwa mlandu nayenso chimodzimodzi, ndipo aliyense wokhala pabwalopo ankatha kufunsa funso. Sindikunena kuti mabwalo amenewa analibe zofooka. Mkazi, kapolo ndi mlendo nthawi zambiri mawu awo ankapepuka. Koma zinthu ziwiri zinalipo zimene takhala tikuzifunafuna kuyambira pamenepo: bwalo linali pafupi, loti munthu n'kufikapo wapansi, ndipo omva mlanduwo ankaudziwa moyo wa anthu amene akuwaweruzawo.

Dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo mu 1902 lamulo lochokera ku London linakhazikitsa khoti lalikulu. Dera la Angoni a M'mbelwa linachedwerapo. Linalowa mu ulamuliro wa atsamunda mu 1904, bwanamkubwa Alfred Sharpe atakumana ndi mafumu a Chingoni ku Ekwendeni, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pamene pali Mzuzu lero. Mzungu amene anatumizidwa kudzayang'anira deralo anali Hector Macdonald, yemwe anthu anamutcha Madondolo.

Apa m'pamene panayambira vuto limene latenga zaka zambiri kuti lithe. Mzungu wa paboma anali zonse. Dzina loyamba la udindo wake linali lakuti wotolera msonkho, ndipo dzina loti DC linabwera pambuyo. Iye yemweyo ndiye ankalamula apolisi ndi amesenjala, ankalemba anthu ogwira ntchito pamsewu ndi amtengatenga, ndipo tsiku la milandu likafika ankakhala pampando ngati majisitireti. Munthu amene wamangidwa chifukwa cholephera msonkho ankaimirira pamaso pa mwini msonkhoyo. Amene akudandaula kuti sanalipidwe ndalama ya ntchito ya boma ankakadandaula kwa bwana yemwe sanamulipireyo. Ena mwa ma DC anali anthu achilungamo ndithu, koma chilungamo chodalira mtima wa munthu mmodzi chimachoka naye tsiku limene wasamutsidwa. Kuwonjezera apo, mawu onse ankadutsa m'kamwa mwa womasulira, ndipo nthawi zambiri womasulirayo, wophunzira ku Livingstonia kapena ku Bandawe, ndiye anali munthu yekhayo m'chipindamo amene ankamva zonse zimene zikunenedwa.

Anthu akumpoto ankadziwa kuti zinthu siziyenera kukhala choncho. Ambiri anali atayenda ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay anakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito, ICU, ku Cape Town mu 1919, pamene kwawo kuno wantchito analibe bwalo lililonse lapadera lomvera dandaulo lake.

Mu 1933 boma la atsamunda linabwezera mafumu mphamvu zina, ndipo makhoti a mafumu anavomerezedwa mwalamulo. Anthu anapezako mpumulo pa milandu ya maukwati, ya ng'ombe ndi ya minda. Komabe DC ankayang'anira makhotiwo ndipo ankatha kusintha chigamulo, komanso mfumu imene inkaweruza ndi yomwenso inkathandiza boma kutolera msonkho ndi kukakamiza malamulo a ulimi amene anthu ankadana nawo kwambiri m'zaka za m'ma 1950.

Mzuzu unabadwa mkati mwa nyengo imeneyi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kampani ya boma la Britain inayamba kubzala mitengo ya tung'i pamapiri a Viphya, ndipo pamene panali likulu la ntchitoyo m'pamene panamera tauni. Ndi bwino kukumbukira zimenezi: Mzuzu sunayambe ngati mudzi wa mfumu yaikulu kapena ngati mishoni, unayamba ngati malo a anthu olembedwa ntchito. Tung'i sanapindule monga ankayembekezera, koma nyumba ndi misewu zinatsala, maofesi a boma a chigawo chakumpoto anakhazikika pomwepo, ndipo mu 1985 Mzuzu unakhala mzinda. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu 221,272.

Ufulu utayandikira, mwana wina wa ku Nkhata Bay anayesa kukonza mpando uja. Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya wophunzira ku London, anali mu unduna wa zachilungamo pamene lamulo la makhoti a m'madera linakhazikitsidwa mu 1962. Cholinga chinali kulekanitsa wolamula ndi woweruza. Makhoti a kumudzi anapatsidwa apampando awoawo, ndipo kuweruza kunasiya kukhala mbali chabe ya ntchito ya mfumu kapena ya DC. Linali ganizo labwino, koma silinakhalitse momwe analiganizira mwini wake.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anthu ambiri anaphedwa mwankhanza usiku ku Chilobwe mu Blantyre. Anthu ena oganiziridwa atamasulidwa ndi khoti lalikulu chifukwa chosowa umboni, Dr Kamuzu Banda anakwiya, ndipo mu 1969 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lija. Panabadwa makhoti a miyambo a m'zigawo, limodzi kumwera, lina pakati, lina kuno kumpoto, okhala ndi mphamvu zoweruza milandu yakupha, ndipo pambuyo pake ngakhale youkira boma. Ambiri okhala pa mipando yake anali mafumu, osankhidwa ndi boma ndiponso otha kuchotsedwa ndi boma nthawi iliyonse. Loya sankaloledwa kuimirira woimbidwa mlandu, ndipo apilo sinkapita ku khoti lalikulu koma ku khoti linanso la miyambo. Majaji achizungu a khoti lalikulu anatula pansi udindo posagwirizana nazo. Mu 1983 Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti aphedwe ndi khoti la mtundu umenewu ku Blantyre. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaiganizira, chifukwa dzina la mwambo wathu linagwiritsidwa ntchito pochotsa chinthu chimene bwalo lenileni la makolo linali nacho, ufulu woti munthu ayankhule mpaka amveke.

Nanga wantchito wamba zinkamuyendera bwanji m'zaka zimenezo? Lamulo linali losavuta kwa bwana. Akakupatsa notisi, kapena ndalama ya mwezi umodzi m'malo mwa notisi, nkhani yatha, ndipo sankakakamizidwa kunena chifukwa. Mabungwe a anthu apantchito anali pansi pa chipani cholamula. Wogwira ntchito m'boma ankatha kulandira kalata yomupumitsa popanda kuitanidwa kuti adziyankhire. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto amene ankaphunzitsa m'chigawo chapakati ndi chakumwera analamulidwa kubwerera kwawo. Mabanja ananyamula katundu pa malole, ana anasiya sukulu pakati pa chaka, ndipo panalibe ofesi ngakhale imodzi m'dziko lonse kumene mphunzitsi akanapita kukafunsa kuti walakwanji.

Chaka cha 1992 chinagwedeza zonsezi. Kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa pa 8 March, ndipo posakhalitsa Monsinyolo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Pa 6 April, Chakufwa Chihana wa ku Rumphi, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. M'mwezi wa May ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto unafalikira, ndipo anthu anafa m'misewu. Amene anakhala pansi kulemba malamulo aakulu a dziko a 1994 ankazikumbukira zonsezi. N'chifukwa chake gawo 43 limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndi kumupatsa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu wake. Gawo 31 limanena za chilungamo pantchito. Gawo 110 linakhazikitsa khoti la anthu apantchito, ndipo ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, inabadwanso m'malamulo omwewo.

Si ife tokha amene tinalimbana ndi funso loti ndani akhale pa mipando yotereyi. Ku America, lamulo la 1946 linalamula kuti anthu omva madandaulo m'maofesi a boma asamagwirenso ntchito yofufuza kapena yoimba milandu yomwe akumvayo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anayamba kutchedwa majaji. Ambiri mwa iwo amamva nkhani za anthu olumala ndi okalamba amene boma lawakaniza ndalama ya chithandizo, ndipo mu 2018 mkangano wa amene ali ndi mphamvu yowalemba ntchito unafika mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, wantchito wochotsedwa amathamangira ku bungwe lomva mikangano ya pantchito la CCMA, limene linayamba ntchito mu 1996. Kulikonseko nkhawa ndi imodzi: amene amakulipira, kukukweza ndi kukusamutsa angathenso kukupinda dzanja polemba chigamulo.

Malawi anayankha funsoli m'lamulo la ubale wa pantchito la 1996. Wapampando wa khotilo ndi wachiwiri wake amasankhidwa ndi mkulu wa majaji, atalangizidwa ndi komishoni yoona za ntchito ya oweruza. Sali pansi pa nduna ya zantchito, ndipo apa ndi pamene tinasiyana kotheratu ndi nthawi ya DC. Koma lamulolo linachitanso chinthu china chimene ine ndimachiona kuti chinali chanzeru. Linati pomva mlandu, wapampando azikhala ndi anthu awiri, mmodzi wochokera pa mndandanda wa mabungwe a olemba ntchito, wina wochokera pa mndandanda wa mabungwe a ogwira ntchito, amene m'dziko muno akuluakulu ake ndi ECAM ndi MCTU. Anthu amenewa, mapanelisiti, sanafunikire kukhala maloya. Anafunikira kudziwa mmene ntchito imayendera: kuti shifiti ya usiku imatha bwanji, kuti kapitawo amalemba chiyani m'buku, kuti katundu amasowa motani m'sitolo. Zinali ngati nduna zija za pabwalo zabwereranso pambali pa mfumu. Khotilo linauzidwanso kuti lizigwira ntchito mosachulutsa miyambo ya kukhoti, mosadula ndiponso mwachangu, lisamangidwe ndi malamulo okhwima a umboni, ndipo nthawi zambiri woluza asalipiritsidwe ndalama zimene mnzake waononga pa mlandu. Pa zimene zinachitikadi chigamulo chake n'chomaliza, ndipo apilo imapita ku khoti lalikulu pa mfundo za lamulo zokha.

Khotilo linayamba kumva milandu mu 1999, ndipo chaka chotsatira lamulo latsopano la ntchito linalipatsa mano. Kuyambira 2000, bwana ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka pochotsa munthu, ayenera kumupatsa mwayi wodziteteza ngati nkhaniyo ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo kukhoti ndi bwanayo amene ayenera kuonetsa chifukwacho. Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba, ndipo ofesiyo ikalephera kuyanjanitsa, nkhani imapita kukhoti. Oweruza oyambirira, monga Charles Mkandawire ndi Rachel Zibelu Banda, amene tsopano amadziwika kuti Rachel Sikwese, anali ndi ntchito yolambula njira m'thengo, kutanthauzira malamulo amene panalibe wina anawatanthauzirapo. Mayi Sikwese anadzakhala jaji wa khoti lalikulu, ndipo mu 2019 anasankhidwa kukhala mmodzi wa majaji omva madandaulo a ogwira ntchito ku United Nations.

Kulemba lamulo kunali kofulumira kusiyana ndi kudzaza mipando. Likulu la khotilo lili ku Blantyre, ndipo ofesi ya ku Mzuzu inabwera pambuyo. Kwa munthu wakumpoto mtunda si nkhani yaing'ono. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350. Ngakhale ofesi itakhala ku Mzuzu konkuno, wochokera ku Chitipa ayenera kuyenda makilomita oposa 300, kutsika ku Karonga n'kukwera mapiri a Chiweta, ndipo wa ku Likoma ayenera kudikira tsiku la sitima. Anthu ofuna khotili ali m'chigawo chonse: ocheka matabwa ku Chikangawa, okumba malasha ku Mchenga, a m'minda ya tiyi ndi ya mphira ku Nkhata Bay, ndi mazana amene ntchito inawathera pamene mgodi wa Kayelekera unaimitsa ntchito mu 2014. Munthu wopanda malipiro amakongola ndalama ya basi, amagona kwa mbale ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, m'mawa n'kukakhala pa benchi ndi mapepala ake m'jumbo.

Ndiye taganizani kuti kalaliki atuluke n'kunena kuti mlandu sukambidwa lero chifukwa panelisiti mmodzi sanabwere. Izi zinakhala dandaulo la zaka zambiri m'dziko lonse. Mapanelisiti anali ochepa, anali ndi ntchito zawo zina, ndalama yowalipira ndi yowayendetsa inkasowa, ndipo nthawi yawo ikatha pankatenga nthawi kuti ena asankhidwe. Popanda iwo wapampando sankatha kumva umboni, ngakhale atakhala kuti wafika m'mawa ndi mafayilo ake. Milandu inaunjikana. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo n'zoona, koma mboni zimasamuka, kampani imatsekedwa, kwacha imagwa mphamvu, ndipo chipukuta misozi chobwera patatha zaka zisanu sichigulanso zimene chikanagula.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la 1996 n'kuchotsa mapanelisiti. Anthu ambiri amakumbukira kusinthaku chifukwa cha mbali ina, yolola bwana kudula malipiro a onyanyala ntchito akapitirira masiku atatu pachaka, imene mabungwe a ogwira ntchito anaitsutsa kwambiri. Koma pa mbiri ya mpando uja, mbali ya mapanelisiti ndiyo yaikulu. Tsopano wapampando kapena wachiwiri wake amamva mlandu yekha. Ndimamvetsa chifukwa chake, ndipo sindingauze munthu amene anadikira zaka zambiri kuti kunali bwino apitirize kudikira. Komabe mtima wanga sunakhazikike. Vuto silinali lakuti anthu odziwa ntchito analibe phindu pabwalo. Vuto linali lakuti boma linawaika m'lamulo koma silinawaike bwino m'bajeti. Tinachotsa nduna pabwalo pamene tikanatha kuzilipira ndi kuchulukitsa chiwerengero chake, kuti ku Karonga, ku Rumphi ndi ku Mzimba kukhale anthu okonzeka kuitanidwa.

Popeza woweruza watsala yekha, zonse zagona pa mtundu wa munthu amene watumizidwa ndi anthu omuzungulira. Ayenera kukhala wokhazikika kuno, osati wongobwera kwa sabata imodzi. Ayenera kukhala ndi galimoto ndi mafuta oti azikamvera milandu m'maboma, kalaliki wosunga mafayilo, ndi wopereka masamani amene angafike ku esiteti ya kutali. Koposa zonse pafunika womasulira wodziwa ntchito yake. Zolemba za khoti zimakhala m'Chingerezi, pamene anthu a pa benchi paja amayankhula Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chilambya ndi Chichewa. Mayi wofotokoza mmene kapitawo ankamuvutitsira amasankha mawu mwaulemu, mozungulira, monga analeredwera, ndipo womasulira wothamanga akhoza kuchepetsa nkhani yonseyo n'kutsala chiganizo chimodzi chopanda mphamvu.

Mipando yatsopano ikupitirira kubadwa. Mu 2021 kunadutsanso lamulo lokhazikitsa bwalo lomva apilo pa nkhani za misonkho, kuti wamalonda wotsutsana ndi bungwe lotolera misonkho la MRA akamvedwe ndi anthu amene si a MRA. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsanso mabwalo omva mikangano ya malo, ndipo Rumphi linali limodzi mwa maboma oyamba kumene kalembera wa malowo anayesedwa. Lamulolo linati bwalo la m'dera lizitsogoleredwa ndi mfumu yaikulu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi, mwa iwo atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Zimenezi zikukonza chofooka chija cha bwalo lakale, ndipo ndikuziyamikira ndi mtima wonse. Koma pa bwalo la paboma, lomva apilo yochokera kwa mafumu, lamulo lomwelo linaika DC kukhala wapampando. Ofesi ya DC imakhudzidwa ndi nkhani za malo tsiku ndi tsiku: misewu, sukulu, migodi, anthu ofuna malo a esiteti. Mlimi wa ku Mpherembe kapena ku Bolero amene malo ake akufunidwa pa ntchito ya boma adzapeza pampando wa apilo mkulu wa boma lomwelo, patatha zaka zoposa 110 chichitikire msonkhano uja wa ku Ekwendeni.